Munga ndi Kabokosi ka Amalume

Kabatani kaja kankalira pang'ono kwambiri, kuti thi, ngati nsabwe ikamaphwanyidwa pakati pa zikhadabo. Kuti ukamve unkayenera kusendeza khutu pafupi n'kuyamba wasiya kupuma. Kanali kobisika mkati mwa kabowo kena kumbuyo kwa kabokosi kakuda koonetsera mafilimu pa TV, ndipo chala sichikanafikako. Anthu ena amakadina ndi kamtengo kotokosera m'mano. Ine ndinkakadina ndi munga wa mthethe, chifukwa kuseri kwa nyumba yathu ku Chinyunyu minga sinkasowa.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka makumi awiri, nditamaliza giredi 12 n'kungokhala. Amayi anamwalira ndili wamng'ono, atate sindinawaonepo, ndiye anandilera ndi ambuya, amayi awo a amayi anga. Ambuya anali ndi mwana mmodzi wotsala, amalume, amene ankakhala m'mphepete mwa msewu waukulu wopita ku Chipata. Amalume anali ndi sitolo, chigayo, kagalimoto konyamulira makala, komanso kanyumba ka malata koonetseramo mafilimu ndi mpira. Feteleza wathu ankachokera kwa iwo. Ng'ombe zolimira zinali zawo. Miyendo ya ambuya ikatupa, galimoto yowatengera kuchipatala ku Mpanshya inali yawonso. M'nyumba yotere mwana amaphunzira msanga kusunga pakamwa. Ine ndinkangoyang'ana, ndipo ndinkaona zambiri.

Kabokosi kaja kanali ka m'kanyumba ka mafilimu. Kanafa nyengo ya mvula. Ukakayatsa kankangoonetsa chithunzi choyamba n'kuima pomwepo mpaka dzuwa kulowa. Amalume anakapititsa kwa munthu wina wofulasha mafoni, woikamo mapulogalamu atsopano, ku Rufunsa, munthuyo analephera, ndipo atabwerako anakaponya kudzala n'kugula kena. Ndinakatola ndikutaya zinyalala za m'sitolo. Amalume anandiona ali pakhonde ndi anzawo, ndipo anati wamasiye ndi nkhuku n'chimodzimodzi, onse amadyera kudzala. Anzawo anaseka, inenso ndinasekako pang'ono, popeza ndi mmene ndinkachitira nthawi zonse.

Pasukulu ya pulayimale yapafupi panali aphunzitsi ena amene ankandituma kulemba mayina a ana m'kaundula, chifukwa ndinkalemba bwino. Iwo ankandilola kugwira foni yawo. Pa foni imeneyo ndi pamene ndinawerenga kuti timabokosi totere mkati mwake ndi timakompyuta, kungoti anatipangira ntchito imodzi yokha. Sisitemu, pulogalamu yaikulu imene imayendetsa kompyuta yonse, munthu akhoza kuika ina pa memori khadi, n'kukakamiza kabokosi kuti kadzukire pa khadipo m'malo modzukira pa zakufa za mkati mwake. Chokakamizira chake chinali kabatani kobisika kaja. Umakadina, n'kulumikiza magetsi udakali chidinire.

Powerenga zinkaoneka zosavuta. Kunena zoona zinanditengera miyezi itatu. Netiweki ya kwathu sinkatha kukoka fayilo yaikulu, ndiye ndinkapalasa njinga ya aphunzitsi kupita ku Rufunsa, n'kukakhala pansi pa mtengo pafupi ndi msika mpaka foni itentha m'manja. Sisitemu yoyamba sinachite kanthu. Yachiwiri chimodzimodzi. Nditatsegula kabokosi ndi mpeni ndinapeza kuti nambala yolembedwa pa chipu cha mkati, ubongo wa kabokosiko, ndi yosiyana ndi imene analemba kunja. Opanga ake ananama. Ndinayambanso.

Chovuta kwambiri chinali chakuti sisitemuyo sinkadziwa nyumba imene yalowamo. Inapangidwira makompyuta ena. Pankafunika kafayilo kena kakang'ono koiuza kuti chithunzi chitulukira apa, kiyibodi ilowera apa, magetsi adutsa umu. Timafayilo totero tinalipo tambirimbiri, koma ka kabokosi kanga panalibe. Ndinkangoyesa ta timabokosi tofanana nako, kamodzikamodzi, masana ana akaweruka, pa TV ya m'chipinda cha aphunzitsi imene inkayendera sola. Kena kankapereka mdima wokhawokha. Kena kankaonetsa malemba oyera akuthamanga, kenako zii. Kena kanadzuka bwinobwino koma kiyibodi, imene ndinachotsa pa kompyuta yakufa ya pasukulupo, sinkagwira. Ndinkalemba m'kope kalikonse kamene kakanika, ndipo minga inkathyoka, ndiye ndinkayenda nayo yambiri m'thumba la malaya.

Tsiku limene sisitemu inadzuka yonse, ndinali ndekha. Malemba anathamanga, mdima unabwera monga mwa masiku onse, kenako pakati pa TV panaoneka kamuvi. Nditasuntha mausi, nakonso kanasuntha. Sindinakuwe. Ndinatuluka panja, ndinazungulira chimbudzi cha anyamata kawiri, n'kubwerera kukaona ngati kadakalipo.

Sikuti zonse zinkagwira. Mawu sankatuluka, ngakhale pang'ono. Intaneti yopanda waya inakana. Kabokosi kankatentha mpaka kuzima kokha, ndiye ndinadula chidutswa cha poto wakale wa ambuya n'kuchimatika pa chipu kuti chizikoka kutentha. Komanso kanalibe kabatire kosungira nthawi, moti ukakayatsa kankaonetsa deti la chaka chakalekale, ine ndisanabadwe, ndipo ndinkachita kukonza ndi manja. Koma munthu ankatha kutaipa kalata, kupanga tebulo la mamakisi a ana, n'kusunga. Aphunzitsi aja anataipirapo mayeso a giredi 7.

Ndi iwo amene anandiuza za mwayi uja. Bungwe lina linkabwera ku boma kudzaona zinthu zimene achinyamata apanga ndi manja awo, ndipo awiri ochita bwino akanawatenga kupita ku Lusaka kukaphunzira za makompyuta kwa chaka chathunthu, malo ogona ndi chakudya zonse za bungwelo. Aphunzitsi analemba dzina langa pa fomu ine ndikuona. Njira ina yochokera ku Chinyunyu ndinalibe. Zotsatira zanga za mayeso zinali zabwino, koma zinkangokhala m'sutikesi ya ambuya pamodzi ndi makhadi a kuchipatala.

Aphunzitsiwo anali munthu wokonda kukamba. Anakazinena kusitolo kwa amalume akugula sopo, monyadira, ngati akuwauza nkhani yabwino ya m'banja mwawo.

Mawa lake amalume anabwera kwathu, chinthu chimene sankachitachita. Anakhala pa mpando umodzi wokha umene tinali nawo, ambuya pamphasa, ine pansi. Anayamba ndi kufunsa za miyendo ya ambuya. Kenako anati amva kuti katundu wawo akugwira ntchito kusukulu iwo osadziwa. Ndinati anakataya kudzala. Anati dzalalo ndi la ndani? Lili pamalo a ndani? Ndiye anafotokoza mmene zikhalire: kabokosi ndi kawo, choncho kakapita ku boma kapita ndi mwana wawo. Mwana wawoyo, msuweni wanga, tinali a msinkhu umodzi, ndipo anali atalephera mayeso kawiri. Ine ntchito yanga ikhala yomuphunzitsa.

Ndinayang'ana ambuya. Anali akutola timiyala mu nyemba, ndipo sanadzutse mutu.

"Wamva zimene akamba amalume ako," anatero. "Mupatse mnzako."

Amalume anali wapampando wa komiti ya makolo pasukulu paja. Pasanathe masiku awiri dzina langa pa fomu linali litapakidwa utoto woyera, la msuweni wanga litalembedwa pamwamba pake. Aphunzitsi anandiuza akuyang'ana pawindo kuti ndisadandaule, mwayi wina udzabwera chaka chamawa, ine ndine wanzeru kale.

Ndinamuphunzitsa msuweni wanga. Sanali chitsiru monga mmene atate ake ankamunenera, kungoti ankaopa chilichonse chokhala ndi malemba. Tili ana tinkapita limodzi ku akasupe otentha kukaviika mazira m'madzi, ndipo nthawi zina ankandibisira mabanzi a m'sitolo m'malaya. Anabwera kusukulu tsiku loyamba ali ndi manyazi, n'kundiuza kuti si maganizo ake. Ine ndinangomusendezera kiyibodi. Ndinamuonetsa kutaipa, kusunga fayilo, kukonza deti. Ndinamuloweza mawu oti akanene: chifukwa chake mawu satuluka, ntchito ya chidutswa cha poto, za nambala yabodza ya pa chipu. Ndinamuuza zonse kupatula za munga. Ndinkafika msanga n'kuyatsiratu, iye n'kupeza kamuvi kakudikira. Akafuna kuona poyatsa, ndinkaika dzanja kumbuyo ngati ndikugwirizira waya, munga uli pakati pa zala. Sanamvepo kulira kwa kabatani kaja.

Kutatsala sabata imodzi kuti tipite ku boma, Lamlungu masana anthu atatuluka m'tchalitchi, amalume anaitana anzawo m'kanyumba ka mafilimu kuti adzaone zimene mwana wawo wapanga. Anazimitsa mpira. Anthu anadzaza mabenchi, ana akusuzumira m'mipata ya malata. Ine ndinaima pakhomo. Msuweni wanga analumikiza mawaya onse bwinobwino monga ndinamuphunzitsira, n'kuyatsa. Pa TV panabwera chithunzi chakale chija, chimene aliyense m'chipindamo ankachidziwa kuyambira nyengo ya mvula, ndipo chinaima. Anazimitsa n'kuyatsanso. Chomwecho. Kachitatu, kachinayi. Wina kumbuyo anati bwezerani mpira, injiniya watopa. Wina anati mwina kompyutayo imapuma Lamlungu. Chipinda chonse chinaseka.

Amalume anatembenukira kwa ine n'kufunsa chavuta n'chiyani.

"Dzulo kamagwira," ndinatero. "Kaya wagwira pati."

Kuseri kwa chitseko ankasungako chidutswa cha lamba wa chigayo chothamangitsira ana olowa osalipira. Amalume anachitenga n'kumukokera panja mwana wawo, mnyamata wamkulu wa ndevu, n'kumukwapula pamaso pa anthu ogulitsa tomato ndi oyendetsa malole amene anaima kudzagula makala. Ankamenya msana, akabisa msana ankamenya miyendo. Msuweni wanga sanathawe, ankangoti atate, ndinachita zonse, atate. Malaya ake oyera a kutchalitchi anang'ambika paphewa, magazi n'kudutsira. Ine ndinali chiimire pakhomo paja, dzanja lili m'thumba, ndikugudubuza munga pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Mawu anayi okha, akuti dinani kabatani ndi munga, akanaimitsa lambayo. Ndaganizapo zaka zonsezi ngati ndinali ndi mantha, ndipo yankho ndi lakuti ayi. Ndinkamva bwino. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga panali chinthu chimene amalume ankachifuna ndipo chinali m'thumba mwanga.

Ndinaiwala kuti kuyang'anitsitsa ndinatengera kwa ambuya. Ndi iwo ankachapa malaya anga. Minga inali itawabaya m'zala kangapo, ndipo anandionapo ndikusankha yowongoka pa mthethe ngati munthu wosankha singano. Lolemba amalume anatumiza mwana kudzanena kuti galimoto yawonongeka, choncho ulendo wa kuchipatala wa Lachinayi palibe, ndipo sikudziwika kuti ikonzedwa liti. Galimotoyo tinaiona tonse madzulo ake ikudutsa ndi matumba a makala. Miyendo ya ambuya sabata imeneyo inali yotupa moti ukadina ndi chala, dzenje linkatsala.

Anandiitana ali pakhonde. Analowetsa dzanja m'thumba la malaya anga ndili chivalire, n'kutulutsa minga itatu.

"Iyi ndi ya chani?"

Anaiyandikizitsa kumaso kwanga.

"Ndakulera ndi miyendo iyi," anatero. "Manje ufuna iolere m'nyumba muno chifukwa cha kabokosi? Amako anandisiyira iwe, sanandisiyire galimoto."

Anamanga mingayo pa ngodya ya chitenje, anatenga ndodo yawo, n'kuyamba ulendo wa kumsewu. Mtunda umene ine ndinkauyenda mphindi khumi unawatengera pafupifupi ola. Ndinkawatsatira chapatali, ndipo sanacheuke. Anakayala mingayo pa kauntala ya sitolo pamaso pa amalume ndi mwana wawo, n'kunena kuti mufunseni ntchito ya izi.

Amalume sanandimenye. Anandiuza kuti ndionetse, ndipo ndinaonetsa. Msuweni wanga anawerama, poti kukhala pansi sankatha, n'kuika khutu pafupi ndi kabokosi. Kanalira kuti thi. Malemba oyera anayamba kuthamanga. Msuweni wangayo anadzuka pang'onopang'ono n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Lachinayi galimoto inachira, ambuya anapita ku Mpanshya atakhala kutsogolo.

Tsiku la chionetsero ananditenga kuti ndikanyamule batire ndi TV. Inali holo ina ku Rufunsa, matebulo atandandalika m'mbali mwa khoma. Panali mtsikana wa makina oumitsira tomato, anyamata awiri a pampu yopalasa ngati njinga, ndi ena amene sindikuwakumbuka. Oweruza anali atatu, koma wofunsa mafunso anali mayi wina wa magalasi wochokera ku Lusaka. Amalume anavala jekete, n'kukhala pa benchi kumbuyo kwenikweni kwa tebulo lathu.

Oweruza atafika, msuweni wanga anatenga munga. Anadina mwamphamvu kwambiri, mungawo n'kuthyokera mkati, nsonga yake kutsekereza kabowo. Anayesa kulowetsa wina, sunalowe. Anayatsa choncho, chithunzi chakufa chija n'kubwera. Mayi uja anayang'ana wotchi yake. Msuweni wanga anatembenukira kwa atate ake, kenako kwa ine, ndipo thukuta linali litanyowetsa malaya mpaka mizere ya lamba ija inkaonekera.

Ndikanatha kungoima. Palibe akanandiimba mlandu pa munga umene sindinathyole ine. Koma ambuya anali atauzidwa kuti abwererenso kuchipatala pakatha masabata awiri. Ndinamasula pini imene inkagwira buluku langa, ndinagwada kumbuyo kwa tebulo, n'kutokosa nsongayo mpaka inatuluka. Ndinasankha munga wabwino, ndinadina, ndinalumikiza magetsi, n'kubwerera pa batire yanga. Kamuvi kanabwera.

Msuweni wanga ananena zonse zimene ndinamuloweza, osaphonya. Mayi uja atafunsa za deti lolakwika, anayankha za kabatire kosowa. Atatsegula kabokosi n'kuona chidutswa cha poto, mayiyo anaseka mokondwa n'kuitana anzake kuti adzaone. Anati chimene akufuna ndi chimenechi, munthu woona kompyuta pamene ena akuona chinyalala. Kenako anandiloza ndi cholembera.

"Nanga uyu ndani?"

Amalume anaimirira n'kugwira phewa langa. Anati ndi mwana wa malemu mlongo wawo, wamasiye, akumusunga ndi iwo kuyambira ali wamng'ono, amathandizako kunyamula. Mayiyo anawayamikira, anati masiku ano anthu osunga ana a abale awo ndi ochepa. Koma sanachotse maso pa ine. Anali ataona manja anga kumbuyo kwa tebulo kuja.

"Iwe, izi uzidziwako?"

Zala za amalume zinali paphewa langa, osafinya, zitangokhala. M'kope langa, limene linali m'thumba la kumbuyo, munali mndandanda wa timafayilo tonse timene ndinayesa, m'malembedwe anga. Ndikanangolitulutsa.

"Iyayi, amayi," ndinatero. "Ine ndimangonyamula."

Anagwedeza mutu, analemba kanthu papepala, n'kupita pa tebulo la tomato.

Anasankhidwa msuweni wanga ndi mtsikana uja. Amalume anapha mbuzi. Anthu amene anaseka m'kanyumba ka mafilimu aja anabwera kudzadya, akunena kuti iwo ankadziwa kale kuti mnyamatayo ali ndi mutu. Kwa ife anatumiza mwendo umodzi ndi thumba la feteleza, ndipo ambuya anandituma kuti ndikathokoze. Ndinapita, ndinagwada, ndinathokoza. Pa masabata atatu amene anatsala kuti anyamuke, msuweni wanga sanandilankhule. Kabokosi ankakasunga m'chipinda mwake. Ine ndinkadziuza kuti akapita adzakasiya, poti ku Lusaka sakakafuna, ndipo khadi lija lidzabwerera kwa ine ndi ntchito yanga yonse ya miyezi itatu. Aphunzitsi anali atanena za chaka chamawa. Ndinkagwira pamenepo.

M'mawa wa tsiku lonyamuka ndinanyamula sutikesi yake mpaka pamsewu. Amalume anali kutsidya kwa msewu akukambirana ndi kondakitala wa minibasi za malo a katundu. Msuweni wanga anatulutsa kabokosi m'chikwama. Anasolola memori khadi ndi chikhadabo, anatsegula foni yatsopano imene atate ake anamugulira, n'kulowetsamo. Foni sidziwa kuwerenga khadi lokonzedwera sisitemu ina, zimenezo ndinamuphunzitsa ndine, ndipo ndinamuchenjeza kuti asadzayese. Pa foni panabwera uthenga wakuti khadili ndi lowonongeka, kodi lifufutidwe kuti ligwire ntchito? Anatembenuza foniyo kuti ndiwerenge bwino. Kenako anadina povomera, ndipo tonse awiri tinayang'ana kamzere kakuyenda mpaka kumapeto.

"Munga unali nawo m'thumba tsiku la lamba lija," anatero motsitsa mawu. "Ndinakuona dzanja lili m'thumba."

Sindinakane. Kondakitala anamenya chitseko cha minibasi kawiri, amalume anakuwa kuti afulumire. Msuweni wanga anaika foni m'thumba la malaya, anatenga dzanja langa, analitembenuza, n'kuikapo kabokosi kaja, chidutswa cha poto chikugwedera mkati. Anawoloka msewu osacheuka n'kukwera.